Kufufuza zovuta pa choyezera kutentha cha pulatinamu

Choyezera kutentha cha pulatinamu, chomwe akatswiri amachitchula mwachidule kuti PRT, ndi chipangizo chomwe chimayeza kutentha poona mmene kawaya ka pulatinamu kakukanira magetsi kudutsa mwa iko. Kukana kumeneku, komwe dzina lake lina ndi resistance, kumayezedwa m'ma ohm ndipo kumakwera pamene kutentha kukukwera. Zipangizozi zimagwiritsidwa ntchito m'malabotale, m'mafakitale a zakudya ndi mankhwala, komanso m'malo oyezera zanyengo. Choyezera chikalakwitsa ndi digiri imodzi yokha, katemera wofunika kusungidwa pakati pa 2 °C ndi 8 °C akhoza kuonongeka popanda wodziwa. Nthawi zambiri vuto silikhala mu pulatinamu weniweniyo, koma m'mawaya, m'chinyezi, m'kamizidwe ka ndodo yoyezera, kapena m'makina owerengera.

Chiyambi ndi mitundu yake

William Siemens ndi amene anapereka ganizo loyeza kutentha ndi pulatinamu mu 1871. M'zaka za m'ma 1880, Hugh Callendar, yemwe ankagwira ntchito ku Cambridge, anasonyeza kuti pulatinamu wosasakanizidwa ndi zitsulo zina, wokulungidwa mosamukoka, amapereka zotsatira zosasinthasintha. Masiku ano mtundu wofala kwambiri ndi Pt100, womwe umakhala ndi ma ohm 100 pa 0 °C ndi ma ohm pafupifupi 138.5 pa 100 °C, motsatira muyezo wa IEC 60751. Choncho digiri iliyonse imasintha resistance ndi pafupifupi 0.385 ohm. Palinso Pt1000, wa ma ohm 1000 pa 0 °C. Mtundu wolondola koposa ndi SPRT, womwe nthawi zambiri umakhala ndi ma ohm pafupifupi 25.5 ndipo ndi womwe umagwiritsidwa ntchito pa muyezo wa kutentha wa dziko lonse wa ITS-90 mpaka pa 961.78 °C, pomwe siliva wosungunuka amaundana.

Kuyeza mawaya

Kufufuza kumayamba pochotsa ndodo yoyezera ku makina ake ndi kuyeza mawaya ndi multimeter. Ndodo ya mawaya anayi imakhala ndi mawaya awiri kumbali iliyonse ya pulatinamu, kawirikawiri awiri ofiira ndi awiri oyera. Pakati pa mawaya amtundu umodzi, resistance iyenera kukhala yochepa kwambiri. Pakati pa wofiira ndi woyera, Pt100 yomwe ili m'chipinda cha 25 °C iyenera kusonyeza pafupifupi ma ohm 110. Ngati multimeter ikusonyeza kuti magetsi sakudutsa konse, ndiye kuti waya waduka penapake. Ngati ikusonyeza pafupifupi ziro, mawaya akhudzana. Nambala zikamadumphadumpha pamene chingwe chikupindidwa, malo odukawo amakhala m'chingwe, makamaka pomwe chimalowera ku chogwirira.

Mawaya abwinobwino nawonso amatha kunamiza. Pa kalumikizidwe ka mawaya awiri okha, resistance ya chingwe imaphatikizana ndi ya pulatinamu, ndipo ohm imodzi yoonjezera imakweza kutentha kooneka ndi madigiri pafupifupi 2.6. Kalumikizidwe ka mawaya atatu kamachotsa vutoli pokhapokha mawayawo akhale ofanana kutalika ndi kukula. Ka mawaya anayi kamalichotseratu, n'chifukwa chake ndi komwe kamagwiritsidwa ntchito pa miyeso yofuna kulondola kwambiri.

Chinyezi

Mkati mwa ndodo muli zotchinga zoletsa magetsi kuthawira ku chitsulo chakunja. Madzi akalowa, magetsi ena amalambalala pulatinamu, ndipo choyezeracho chimasonyeza kutentha kotsika kuposa kwenikweni. Njira yothawira ya ma ohm 100,000 imatsitsa Pt100 kufika pa ma ohm 99.9 pa 0 °C, komwe ndi kulakwitsa kwa pafupifupi kota ya digiri. Vutoli limadziwika poyeza resistance pakati pa mawaya ndi chitsulo chakunja. Pa ndodo yabwino, muyesowu umaposa ma megaohm 100 pa kutentha kwa m'chipinda. Ndodo yonyowa nthawi zina imakhalanso bwino ikaumitsidwa pang'onopang'ono mu uvuni, koma ngati chomatira kumapeto kwake chang'ambika, chinyezi chimabwereranso.

Kuyesa m'madzi oundana

Mawaya akapezeka kuti ali bwino, ndodo imayesedwa pa kutentha kodziwika. Njira yosavuta ndi kudzaza fulasiki ndi ayezi wophwanyidwa wa madzi osungunulidwa ku nthunzi, n'kuthiramo madzi omwewo okwanira kutseka mipata, osati oyandamitsa ayeziyo. Chosakanizachi chimakhala pa 0 °C. Pt100 ya gulu A iyenera kusonyeza ma ohm 100 mosalakwitsa ndi kuposa 0.06 ohm, komwe ndi 0.15 °C, pamene ya gulu B imaloledwa 0.12 ohm, kapena 0.3 °C. Madzi owira si odalirika pa ntchitoyi chifukwa kuwira kumadalira mphamvu ya mpweya: ku Lilongwe, komwe kuli pamtunda wopitirira mamita 1,000, madzi amawira asanafike pa 97 °C. Malabotale akuluakulu amagwiritsa ntchito botolo lapadera lagalasi momwe ayezi, madzi ndi nthunzi zimakhalira pamodzi pa 0.01 °C.

Ndodo ikamizidwa pang'ono, kutentha kwa m'chipinda kumatsika ndi chitsulo n'kufika pa pulatinamu. Woyesa amakweza ndodoyo ndi masentimita awiri kapena atatu. Nambala ikasintha, ndiye kuti sinamizidwe mokwanira. Magetsi oyezera nawonso amatenthetsa pulatinamu. Pa zoyezera zolondola amagwiritsa ntchito 1 mA, kenako 1.414 mA, yomwe imachulukitsa kawiri kutentha koonjezerako. Kusiyana kwa miyeso iwiriyo kumasonyeza kukula kwa vutolo.

Makina owerengera

Makina owerengera amayesedwa powalumikiza ku resistor yodziwika ya ma ohm 100 m'malo mwa ndodo, ndipo ayenera kusonyeza 0 °C. Kulakwitsa kofala ndi kusankha Pt1000 pomwe ndodo ndi Pt100, kapena kusankha nambala ya 0.00392 m'malo mwa 0.00385. Kulakwitsa kwachiwiriku sikuoneka m'madzi oundana, koma pa 100 °C kumafika pafupifupi madigiri awiri. Manambala a pa satifiketi ya ndodo ina akalowetsedwa molakwika amabweretsanso vuto lofanana.

Pamene pulatinamu waonongeka

Zonsezi zikakhala bwino koma muyeso wa pa 0 °C wasuntha, vuto limakhala mu pulatinamu. Kugwetsa ndodo kapena kuigunditsa kumakoka kawayako ndi kukweza resistance yake. Labotale imatha kukonza zimenezi poitenthetsa kwa maola angapo pa madigiri mazana angapo ndi kuiziziritsa pang'onopang'ono. Koma ndodo ikatenthetsedwa kupyola malire ake, zitsulo zina zimalowerera mu pulatinamu ndipo kuonongekako sikubwezeka. N'chifukwa chake malabotale amalemba muyeso wa pa 0 °C nthawi iliyonse akayesa ndodo. Kusintha kwadzidzidzi m'kaundulayo kumasonyeza kugunda kapena chinyezi, pamene kusintha kwapang'onopang'ono kumasonyeza kuti nthawi yakwana yotumiza ndodoyo kukayesedwanso molinganiza ndi zoyezera zovomerezeka.