Werengerani Magetsi Musanagule Chipangizo

Alimi anzathu a ku Bembeke, Lobi, Linthipe ndi madera ena a Dedza, ino ndi nyengo imene ndalama za kachewere ndi nyemba zimalowa m'thumba. Kumene nthambo za magetsi zinafika kudzera m'ntchito ya MAREP, imene Boma linayamba mu 1980, ambiri mukulingalira zogula simbi, hita kapena pampu ya kudimba. Mtengo wa m'sitolo mudzalipira kamodzi, koma magetsi ake mudzalipira mwezi ndi mwezi. Kodi mwawerengera?

Kuwerengaku nkosavuta. Pa chipangizo chilichonse pamalembedwa nambala yotsatana ndi chilembo cha W, kutanthauza mawati. Chulukitsani nambalayo ndi maola amene chipangizocho chimayaka, ndipo mugawe ndi 1,000. Yankho lake ndiwo mayunitsi amene mita ya ESCOM idzadye. Babu lakale la 60W likamayaka maola 5 usiku uliwonse limatha mayunitsi 9 pa mwezi. Babu la LED la 9W, lowala pafupifupi mofanana, silifika ngakhale yuniti imodzi ndi theka.

Mtengo wa yuniti umavomerezedwa ndi bungwe la MERA ndipo umasinthasintha, choncho musadalire wa chaka chatha. Tengani lisiti limene mwagulira mayunitsi posachedwa, mugawe ndalama zonse ndi mayunitsi amene munalandira.

Wailesi, mababu ndi kutchaja foni sizisaukitsa munthu. Chimene chimadya ndalama ndi chipangizo chotulutsa moto, ndipo apa ndi pamene ife a ku mapiri tiyenera kusamala. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo chisanu cha June ndi July tonse timachidziwa. Hita ya 2,000W ikayaka maola 4 imatha mayunitsi 8 usiku umodzi wokha. Pa miyezi iwiriyo ndi mayunitsi 488. Tiyerekeze kuti yuniti ndi K100, kuti masamu aphweke: imeneyo ndi K48,800 yongoothera. Ndi matumba angati a kachewere amenewo? Nyemba nazo sizipsa msanga. Mbaula ya magetsi ya 1,500W itazibwatitsa maola 2 pamoto wonse yatha mayunitsi 3. Zinyikeni m'madzi usiku, m'mawa zidzapsa mofulumira.

Inu oweta nkhuku, getsi lofunditsira anapiye la 250W limaoneka laling'ono, koma siligona. Usana ndi usiku limadya mayunitsi 6, ndiye kuti 126 pa milungu itatu. Ndalama imeneyi muilembe m'buku pamodzi ndi ya chakudya ndi katemera musanatchule mtengo wa nkhuku. Pampu ya mahosipawa 2 ili ngati 1,500W kapena kuposerapo pang'ono. Kuthirira maola 5 ndi mayunitsi osachepera 7 ndi theka.

Firiji yokha imavuta kuwerengera chifukwa imadziyatsa ndi kudzizimitsa. Zimitsani zina zonse, lembani mayunitsi a pa mita madzulo, mudzaonenso m'mawa nthawi yodziwika.

Mawu apadera kwa inu matenanti a pa esiteti amene nyumba zingapo zimagwiritsa mita imodzi. Kusonkha ndalama zofanana kumaoneka ngati chilungamo, koma banja la mababu awiri ndi wailesi limakhala likulipirira mnzawo wa simbi ndi hita. Khalani pansi ndi kapitawo, aliyense atchule zipangizo zake ndi maola ake, ndipo chopereka cha nyumba iliyonse chilembedwe mwezi usanayambe.