Kodi kompyuta imadziwa bwanji kuti fayilo yasintha?

Mwamaliza kulemba homuweki pa kompyuta, mwaisunga, ndipo nthawi yomweyo pulogalamu ngati Dropbox yayamba kale kuitumiza pa intaneti. Inu simunaiuze kanthu. Nanga yadziwa bwanji kuti fayilo yanu yasintha?

Njira zake zilipo ziwiri. Tiyerekeze kuti kunyumba kukubwera alendo, ndiye amayi akutumani kuti muzikasuzumira kumsewu mphindi iliyonse. Mudzawaonadi alendowo, koma miyendo idzakhala italema ndipo ntchito zina zaima. Pulogalamu nayo ikhoza kuchita chimodzimodzi, kumayendera fayilo iliyonse n'kuona kukula kwake ndi nthawi imene inasinthidwa komaliza. Akatswiri amaitcha njira imeneyi polling. Tawerengani nokha: mafayilo 10,000, kuwaona sekondi iliyonse, ndi maulendo 36 miliyoni pa ola limodzi. Batire ya laputopu singachedwe kutha.

Njira yachiwiri ndi yokhala phee n'kudikira kuti mlendo anene kuti "odi". Pulogalamu iliyonse ikafuna kulemba pa disiki imadzera kwa kernel, yomwe ndi phata la Linux, Windows kapena macOS. Choncho kernel ndi imene imayamba kudziwa. Pulogalamu imangoipempha kudzera pa API, khomo limene mapulogalamu amalankhulirapo ndi kernel, kuti pakasintha kanthu iuzidwe.

Pa Linux ntchitoyi imagwiridwa ndi inotify, imene John McCutchan analemba mothandizana ndi Robert Love. Inalowa mu Linux 2.6.13 m'chaka cha 2005. Isanabwere panali dnotify, yomwe inali ndi vuto lotopetsa: foda imene ikuyang'aniridwa inkakhala yotsegula, moti disiki yake inkakana kuchotsedwa.

Pogwiritsa ntchito inotify, pulogalamu imachita zinthu zitatu. Imatsegula njira yolandirira mauthenga ndi inotify_init. Kenako imatchula foda yoti iyang'aniridwe ndi inotify_add_watch. Ikatero imagona, osadya mphamvu ya purosesa, mpaka uthenga utafika. Uthengawo umanena chimene chachitika: IN_CREATE ngati fayilo yapangidwa, IN_MODIFY ngati yasinthidwa, IN_DELETE ngati yafufutidwa. Windows ili ndi yakeyake yotchedwa ReadDirectoryChangesW, pamene Apple inabweretsa FSEvents m'chaka cha 2007. Foni ya Android nayo imadalira inotify, poti mkati mwake muli kernel ya Linux.

Koma musaganize kuti njirayi ilibe mbuna. Choyamba, inotify siona za m'mafoda amene ali mkati mwa foda inzake. Iliyonse imafunika kuitchula payokha. Chachiwiri, mauthenga amaima pamzere, ndipo mzerewo nthawi zambiri umathera pa 16,384. Mafayilo akasintha ambiri nthawi imodzi pulogalamu ikuchedwa kuwerenga, mauthenga otsalawo amatayika, kernel n'kungotumiza chenjezo la IN_Q_OVERFLOW. Pulogalamu yonyalanyaza chenjezoli ikhoza kusiya homuweki yanu osaisunga kwina, inu muli ndi chikhulupiriro choti zonse zili bwino. N'chifukwa chake pulogalamu yolembedwa bwino ikalandira chenjezoli imabwerera kunjira yakale ija, n'kuyendera mafayilo onse kamodzi.

Mbuna yachitatu ndi yozembera. Mapulogalamu ambiri olembera sasintha fayilo yakale ayi. Amalemba yatsopano pambali, kenako n'kuipatsa dzina la yakale ija. Amatero kuti magetsi akazima kusunga kuli mkati, ntchito yanu isaonongeke. Ndiye amene amayang'anira fayilo yakaleyo amatsala akulondera chinthu chimene chachoka kale. Mankhwala ake ndi kuyang'anira foda yonse.

Ngati kusukulu kwanu kuli kompyuta ya Linux, yesani izi. Ikani inotify-tools, lembani inotifywait -m ndi dzina la foda, kenako sungani fayilo m'fodamo. Werengani mizere imene ituluke. Mudzaona kuti kusunga kamodzi kokha kumatulutsa mauthenga angapo, ndipo mukawatsatira mudzadziwa ngati pulogalamu yanu yasintha fayilo yakale kapena yalemba ina yatsopano.