Mercedes-Benz 600, galimoto imene atsogoleri a maiko ankailimbirana

Mukaona zithunzi zakale za atsogoleri akubayibitsa anthu pamsewu, yang'anitsitsani galimoto imene akwerayo. Nthawi zambiri mupeza kuti ndi Mercedes-Benz 600, yakuda bii, yaitali, timbendera tili petupetu kutsogolo.

Galimotoyi inaonetsedwa koyamba mu 1963 ku Frankfurt, m'dziko la Germany, ndipo inapangidwa mpaka 1981. M'zaka zonsezo anapanga 2,677 zokha, popeza ntchito yambiri pafakitale ya ku Sindelfingen inkagwiridwa ndi manja. Mwa zimenezi, 428 zinali za mtundu wa Pullman, wotalika mamita 6.24, ndipo zina zinali ndi zitseko zisanu ndi chimodzi. Zosowa kwambiri ndi za mtundu wa Landaulet, zimene denga lake lakumbuyo limapindika kuti anthu amuone bwino mtsogoleri. Anapanga 59 basi. Papa Paulo VI analandira yake mu 1965, chaka chomwe Mfumukazi Elizabeth II inakwera ina pa ulendo wake wa ku West Germany. Tito wa ku Yugoslavia anali nayo, Idi Amin ndi Mobutu Sese Seko nawonso chimodzimodzi. Galimoto siisankha mwini.

Injini yake ndi V8 ya malita 6.3, yokhoza kuthamangitsa chigalimoto cholemera kupitirira matani awiri ndi theka pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola. Koma luso lenileni linabisika m'zitseko ndi pansi pa mipando. Masiku ano mukadina batani, galasi la pawindo limakwera ndi kamota ka magetsi. Akatswiri a 600 anaona kuti timamota ta nthawiyo n'taphokoso komanso todya malo, choncho anasankha oyilo. Pampu yoyendetsedwa ndi injini imapanikiza oyilo wapadera kufika pa mabar 150, n'kumutumiza m'timapaipi tating'ono todutsa m'galimoto monse. Oyilo ameneyu ndiye amakweza magalasi, kusuntha mipando, kutsegula denga ndi kutseka buti, zonsezo mwakachetechete. Mukadina pang'ono galasi limakwera pang'onopang'ono. Mukadina mwamphamvu limatseka ngati mphezi, moti wosasamala atha kupanidwa dzanja.

M'malo mwa masipuling'i achitsulo, galimotoyi imakhala pa matumba a mpweya, n'chifukwa chake wokwera kumbuyo samva mabampu.

Vuto lagona pokonza. Kapaipi kamodzi kakangodontha, magalasi ndi mipando zimaima, ndipo makaniko wamba sangaziyambe. Zipangizo zake n'zodula, odziwa kuziika ndi owerengeka. Muganizire tsono za maiko osauka amene ankagula galimotoyi ndi ndalama za boma: okhoma msonkho ankalipira pogula, n'kumalipirabe chaka ndi chaka kuti izingoyenda. Zimene zinasiyidwa osasamalidwa mutha kuzizindikira muli patali. Mpweya wa m'matumba uja ukatha, galimoto yonse imatitimira n'kutsala pang'ono kukhudza pansi.