Thupi likuphwanya koma kuchipatala sakupeza kanthu

M'mabanja ena muli mkangano womwe sutuluka panja. Mayi akudandaula kuti thupi lonse likuphwanya, khosi, mapewa, msana mpaka ntchafu, koma akakayezetsa malungo akuuzidwa kuti alibe. Mwezi watha, wina wadutsa, bambo ayamba kung'ung'udza kuti umenewu ndi ulesi basi. Apongozi nawo akuti apa pali dzanja la munthu. Chonsecho alipo matenda omwe amachita chimodzimodzi, dzina lake fibromyalgia.

Wodwala matendawa amamva ululu mbali zonse za thupi kwa miyezi itatu kapena kuposera apo. Amagona usiku wonse koma podzuka amakhala wotopa ngati wachokera kudimba. Mutu umayendanso pang'onopang'ono, kuiwala pomwe waika makiyi, kusowa mawu pakati pa nkhani. Akatswiri amati mwa anthu 100 aliwonse, awiri mpaka anayi ali ndi vutoli, ndipo ambiri omwe amapezeka nalo ndi amayi, ngakhale abambo nawo sawasiya.

Nanga bwanji magazi ndi X-ray sizionetsa kanthu? Chifukwa minofu ndi mafupa zimakhala zilibwino. Chasokonekera ndi momwe mitsempha ndi ubongo zimalandirira uthenga wa ululu. Zili ngati wailesi yomwe wina waikweza mpaka kumapeto, moti ngakhale mwana akangokutsamirani mumamva ngati mwamenyedwa. Ululuwo ngweniweni ndithu, si wopeka.

Mu 1990 bungwe la madokotala la American College of Rheumatology linkati dokotala azidinikiza malo 18 pathupi, ndipo 11 akawawa ndiye kuti ndi matendawa. Mu 2010 njira imeneyo anaisiya, tsopano amayang'ana kuchuluka kwa malo owawa, kutopa ndi kusowa tulo tabwino. Woimba wa ku America, Lady Gaga, anaulula mu 2017 kuti amadwala matendawa. Ndiye ngati munthu wa ndalama zake chonchija ankalephera kukwera pansanja, tinene kuti nayenso ankathawa kusinja?

Komatu musadziyeze nokha kunyumba. Kuchepa kwa magazi, shuga, vuto la chithokomiro, nyamakazi yotupitsa mfundo, TB ndi HIV zimathanso kufoola thupi, choncho dokotala ayambe waona zimenezi. Ngati mukutentha thupi, kuonda kapena mfundo zatupa, musachedwe n'komwe.

Mankhwala ochiziratu palibe, koma matendawa sapha ndipo saononga mafupa. Chomwe chimathandiza kwambiri n'chodabwitsa: kuyendetsa thupi lomwe likuwawalo. Yambani ndi ndawala ya mphindi 10 patsiku, n'kumaonjezera pang'onopang'ono pakatha sabata. Masiku oyamba ululu utha kukwera, musataye mtima. Msampha waukulu uli pa tsiku lomwe mwadzuka bwino. Mayi amafuna kubweza ngongole yonse, kuchapa mabulangete, kukolopa, kutunga madzi migolo iwiri, kenako n'kugona masiku atatu. Ntchito muziidula, kupuma musanatheretu. Muzigona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi, tiyi ndi khofi madzulo ayi. Kusamba madzi ofunda kumapepuzako, ndipo a physiotherapy m'zipatala zikuluzikulu amaphunzitsa mafizo oyenera.

Za mabulufeni ndi ma-indosidi ogula pagolosale aja, chepetsani. Pa matendawa sathandiza kwenikweni, koma kumwa tsiku ndi tsiku kumabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Madokotala amapereka amitriptyline wochepa womwa usiku, kapena pregabalin ndi duloxetine, ndipo awa ngofunika kulemberedwa. Amayi oyembekezera kapena oyamwitsa anene msanga asanalandire.

Tsono inu abambo, nkhawa ndi mikangano zimakweza ululuwu. Mkazi akati lero kuchipinda sizitheka, sikuti wapeza wina. Kambiranani nthawi yomwe thupi lake limakhala lopepukirapo, ndipo tsiku lina mum'perekeze kuchipatala mukadzimvere nokha. Ana muwauze zoona, kuti amayi akudwala koma safa nazo, n'kuwagawira tintchito tolingana ndi msinkhu wawo. Akuchimuna akayamba zonena, woyankha mukhale inuyo, pakuti ndi abale anu ndipo adzakumverani msanga kusiyana ndi mlamu wawo.