Mutu 4: Nkhani Amasimba ndi Opulumuka

M'mutu uno ndipereka mfundo zoti banja lizitsata posankha kumene mayi akachirire. Tizitenga imodziimodzi. Koma poti kwathu ndi ku Mikolongwe, ndiloleni ndiyambe ndi nkhuku.

Dzina la dera lathu linafika mpaka ku Chitipa chifukwa cha nkhuku zakuda zija za mtundu wa Black Australorp, zimene aliyense amangoti nkhuku za Mikolongwe. Choncho chitopa timachidziwa. Chikalowa m'mudzi nyengo yotentha makola amayera, koma sipalephera kutsala imodzi kapena ziwiri. Mwini wa yotsalayo ndiye amakhala mphunzitsi wa mudzi wonse: "Ine sindinatemere. Ndinangosinjira tsabola m'madzi akumwa." Munthuyu sakunama ayi. Tsabola anasinjadi, nkhuku yake ilidi moyo. Koma mlangizi wa ziweto akabwera amafunsa funso limodzi lokha: m'kholamo zinalimo zingati? Zinalimo khumi ndi ziwiri. Khumi ndi imodzi zimene zinafa zija zinamwanso madzi a tsabola omwewo.

Tsopano khalani pamphasa tsiku lolangiza mtsikana wa mimba yoyamba. Agogo ena amayankhula motsimikiza: "Ine ana asanu ndi atatu, onse m'nyumba, wopanda jekiseni. Ndinafa?" Nawonso sakunama, ndipo ndimawalemekeza. Vuto ndi lakuti anzawo amene anagona pamphasa yonga yomweyo osadzukanso sabwera kudzalangiza. Ali kumanda. Mawu onse amene mtsikanayo akumva ndi a opulumuka okhaokha. Kafukufuku, mawu amene ena amawaopa ngati za azungu, ndi kuwerenga khola lonse basi: amene ali pamphasa ndi amene sangayankhulenso.

Dziko lathu linawerengapo. Kafukufuku wa boma wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa mu 2000 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 1,120 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2004 anali 984, mu 2010 anali 675, ndipo mu 2015 mpaka 2016 anatsika kufika 439. Pa nthawi yomweyo, amayi ochirira kuchipatala anachoka pa 55 mwa 100 aliwonse kufika pa 91. Sindinena kuti chipatala chokha ndicho chinatsitsa imfazi. Ma ARV anathandiza kwambiri, ndipo ife a ku Chiradzulu tinawaona msanga, pamene bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kuwapereka m'boma lino mu 2001. Mu 2011 Malawi anakhala woyamba kuika mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV pa mankhwala a moyo wonse. Koma ngakhale 439 ndi nambala yoopsa, ndipo chimene chimandipweteka n'chakuti imfa zambiri mwa izi zimachokera ku zinthu zochepa zodziwika bwino: kutaya magazi, kuthamanga kwa magazi, mwana kukanika kutuluka, ndi matenda olowa m'chiberekero.

Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, ndipo mafumu ambiri anaika chindapusa cha mbuzi kapena nkhuku kwa wochirira pakhomo. Chindapusa chimamufikitsa munthu pakhomo la chipatala, koma sichimuuza chifukwa chake. Azamba a kumudzi sanali anthu oipa. Ambiri anali ndi manja ofatsa ndi mtima woleza. Chimene analibe ndi magazi oika m'thupi, fiyeta, ndi mankhwala oletsa kukomoka. Mimba zambiri sizifuna zinthu zitatuzi. Koma palibe amene angaloze ndi chala mwezi wachisanu ndi chitatu kuti iyi ndiyo idzazifuna. Nsomba ya m'dziwe simuidziwa kukula kwake musanavuule.

Ndiye mfundo yoyamba ndi funso loti muzinyamula kulikonse: anayesa pa anthu angati, ndipo anawayerekeza ndi ndani? Lifunseni kwa apongozi, kwa wogulitsa mankhwala pamsika, kwa mawu obwera pa WhatsApp, ngakhale kwa ine wolemba bukuli.

Tiyeni tiliyese pa mankhwala achikuda otchedwa mwanamphepo. Uyu ndiye amandisowetsa tulo. Amayi amamwa mobisa, ena m'phala, ena m'botolo lobisa pansi pa zitenje m'chikwama, kuti matenda ayambe msanga ndi kuyenda mofulumira. Wina akufunsani kuti kodi sagwira ntchito? Choopsa chake n'chakuti nthawi zina amagwiradi. Chiberekero pobereka chimakoka kenako n'kupuma, kukoka n'kupuma. Kupumako si ulesi. Ndi nthawi imene magazi amabwerera ku nsengwa, mwana n'kulandira mpweya. Mukachikakamiza kukoka mosalekeza, khomo lisanatseguke kufika masentimita 10, mwana amabanika, ndipo chiberekerocho chikhoza kung'ambika. Wina anena kuti nanga kuchipatala saika mankhwala ofulumizitsa m'diripi? Amaikadi, dzina lake oxytocin. Kusiyana kwake ndi muyeso. Namwino amawerenga madontho, amamvetsera mtima wa mwana, ndipo zikavuta amatseka diripi. Zimene mwameza simungazitseke. Feteleza timathira kachitsekero kamodzi ka botolo pa phando, chimanga n'kubiriwira. Thirani dzanja lodzaza pa phando lomwelo muone mmene chipsere. Muzu wokumbidwa lero ndi wa sabata yatha, wa pachulu ndi wa kudambo, mphamvu zake si zofanana, ndipo palibe anaziyeza. Ngati mayi wamwa kale, chonde auzeni anamwino. Mwina akalipa, koma adziwa choyang'anira. Kukalipiridwa kumatha.

Mfundo yachiwiri ndi ya magazi, ndipo pano ndikhalitsapo. Mayi aliyense amataya magazi akachira. Malire amene azaumoyo akhala akugwiritsa ntchito ndi mamililita 500, botolo limodzi la madzi ogula la theka la lita. Kupyola apo ndi ngozi, ndipo kutaya magazi kwambiri kungaphe munthu m'maola awiri okha. Diso limanama pa nkhaniyi. Magazi amalowa m'zitenje, amayenderera pa pepala lakuda lija timayala pabedi, ndipo aliyense amayesa ndi ochepa. Ofufuza anayesa nsalu ya pulasitiki yokhala ndi thumba la mizere yoyezera, yoyala pansi pa mayi, pamodzi ndi lamulo lopereka chithandizo chonse nthawi imodzi magazi akangofika pamzere. Anayesa m'zipatala 80 za ku Kenya, Nigeria, South Africa ndi Tanzania, pa amayi oposa 200,000. Zotsatira zinatuluka mu 2023: mavuto aakulu a kutaya magazi anatsika ndi 60 pa 100 alionse. Sanapeze mankhwala atsopano. Anangoona msanga. Kafukufuku wina wa mu 2017, pa amayi 20,000 m'maiko 21, anaonetsa kuti mankhwala otchedwa tranexamic acid amachepetsa imfa za kutaya magazi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, koma akaperekedwa maola atatu asanathe. Akachedwa, phindu lake limatha. Mwamva mmene funso lathu lija likuyankhidwira? Anthu angati, akuyerekezedwa ndi ndani.

Ndinaziona ndi maso pamene mlamu wanga anachira mwana wake wachitatu. Tinali panja, uthenga unabwera kuti mwana wamkazi, tonse n'kusangalala. Gadiyani wake, azakhali, anali munthu waukhondo kwambiri. Chitenje chikanyowa ankachichotsa mwachangu, kuchipinda, kuchiponya m'beseni n'kuvundikira, kuti namwino asaone zauve. Chachiwiri chimodzimodzi. Chachitatu. Mlamu anayamba kunena kuti akumva ludzu ndi chizungulire, azakhali n'kumati ndi kutopa. Mayi wa pabedi loyandikana ndiye anakuwa kuitana namwino. Namwinoyo atavundukula beseni sanayankhule, anangothamanga. Mlamu ali moyo, koma anamuika magazi. Azakhali aja sanalakwe mwadala. Palibe anawauzapo kuti ntchito ya gadiyani si kuphika phala ndi kuchapa kokha. Gadiyani aziwerenga zitenje ndi kuzionetsa. Azidziwa kuti mayi akangochira amabayidwa jekiseni pantchafu yothandiza chiberekero kukhwinyata, ndipo ngati sanaione afunse. Aziika dzanja pansi pa mchombo wa mayi: chiberekero chizimveka cholimba ngati mpira wa chikulunga. Chikafewa ngati mtanda wa mandasi, itanani msanga. Posankha gadiyani musayang'ane amene mwambo ukuloza, yang'anani amene sachita manyazi kukuwa.

Izi zandifikitsa pa mfundo yachitatu, ya mtunda. Mtunda wa kuchipatala musauyeze masana mwezi wa Ogasiti, mutakwera minibasi pa msewu wa Midima. Uyezeni 2 koloko usiku mu Febuluwale, mvula ikugwa, mtsinje utadzaza, wakabaza foni yake itazima. Mu 1994 ofufuza awiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anafotokoza kuti amayi amafa ndi kuchedwa kutatu: kuchedwa kuganiza zonyamuka, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Kuchedwa koyambako kuli m'manja mwathu. Nsupa yasweka, koma tikudikira mwinimbumba abwere ku maliro. Bambo wa mwana ali ku Joni ndipo sakuyankha foni, ndalama ya mayendedwe ili kwa iye. Nkhani zimenezi zithe mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri: ndani apereke chilolezo, ndalama ili m'manja mwa ndani, manambala a akabaza awiri osati mmodzi. Wokhala kutali apite kuchidikiro. Ndikudziwa kuti n'kotopetsa, nkhuni n'zogula, ndipo kumunda ntchito imaima. Koma ndi njira yokhayo yosandutsira maola atatu kukhala mphindi zisanu.

Komanso zipatala si zofanana, ndipo apa ambiri amasokoneza. Chipatala chaching'ono chili ndi anamwino odziwa kubereketsa, koma chilibe fiyeta ndipo sichiika magazi. Zikavuta amaitana ambulansi, ndipo ambulansiyo ikhoza kukhala kwina. Opaleshoni imachitika pa chipatala cha boma ku Chiradzulu, pa chipatala cha mishoni cha St Joseph's ku Nguludi, ndi ku Gogo Chatinkha pa Queen Elizabeth mu Blantyre. Mayi amene anachitidwapo opaleshoni, wa mapasa, amene mwana wagona mopingasa kapena watsogoza matako, mtsikana wamng'ono, mayi wa mimba yachisanu kupita m'tsogolo, ndi amene BP yake yakwera, akambirane ndi anamwino a kusikelo zokadikirira ku chipatala chachikulu. Za malipiro ku zipatala za mishoni funsani nthawi ilipo, poti boma limachita mgwirizano ndi zambiri mwa izo kuti amayi oyembekezera asamalipire.

Za BP ndinene mwachidule. Ikafika 140 pa 90, mutu ukamawawa kwambiri, maso akamachita chidima, nkhope ndi manja zikatupa, amenewo si mapasa ndipo si kulodzedwa. Kafukufuku wa mu 2002 pa amayi 10,000 anapeza kuti jekiseni ya magnesium sulphate imachepetsa ndi theka ngozi ya kukomoka. Nambala ya BP ilembedwe m'kabuku ulendo uliwonse, ndipo muifunse. Zina zija mukuzidziwa: kuyamba sikelo miyezi itatu isanathe m'malo mobisa mimba poopa oimanga, maulendo asanu ndi atatu monga bungwe la WHO linalangizira mu 2016, Fansidar, neti, mapiritsi owonjezera magazi, katemera wa kafumbata, kuyezetsa HIV ndi chindoko limodzi ndi bambo.

Musaganize kuti funso lathu limaluma miyambo yokha. Limalumanso chipatala. Kafukufuku wochuluka wasonyeza kuti mayi amene ali ndi munthu womulimbikitsa pambali nthawi yonse ya matenda amachira msanga ndipo opaleshoni imacheperako. Wasonyezanso kuti kuyendayenda matenda akamayamba kumathandiza, ndi kuti mayi wopanda vuto sayenera kumanidwa madzi kapena phala. Choncho kufunsa ngati gadiyani angalowe si mwano. Dokotala akanena za opaleshoni, funsani modekha kuti chavuta n'chiyani, tikadikira chichitike n'chiyani, pali njira ina? Yankho likamveka, sainani msanga. Opaleshoni si chizindikiro cha ulesi. Ndipo mwana akakanika kutuluka tsiku lonse, si chifukwa chakuti mayi kapena bambo anayenda njira zambali. Mutu wa mwana ndi mafupa a m'chiuno sizikugwirizana, basi. Maola amene amatha pokakamiza mayi kuulula ndi omwe amaboola chikhodzodzo, n'kumusiya akudontha mkodzo zaka zambiri, matenda aja a fistula amene amakonza ku Bwaila mu Lilongwe.

Chimene mabanja amaiwala kwambiri ndi tsiku loyamba mwana atabadwa. Nthungululu zikamveka, aliyense amayesa nkhondo yatha, ndipo mayi amayamba kupempha kuti atuluke poti ana ena ali okha kunyumba. Imfa zambiri za amayi ndi makanda zimachitika m'maola 24 oyambawo. Konzeranitu wosamala ana otsala kwa masiku awiri, kuti mayi asakhale ndi chifukwa chothamangira. Akafika kunyumba, thupi likatentha, kumusi kukatuluka fungo, magazi akachuluka, mutu ukawawa kwambiri, kapena mwana akakana bere, abwerere tsiku lomwelo, ngakhale mchombo usanagwe ndipo mwambo ukuti asatuluke m'chikuta.