MLENDO NDI MAME: PHUNZIRO LA KU MPHATSO

Munthu wochokera ku Lilongwe kupita ku Ntcheu, akangopitirira pa Dedza, amayenda mtunda wautali m'mphepete mwa malire. Kumanzere kwake ndi Malawi, kumanja kwake ndi Mozambique. Minda ya kachewere ndi yofanana mbali zonse ziwiri, chinenero ndi chimodzi, ndipo ambiri a tsidya lino ali ndi abale ao tsidya linalo. Koma mbiri ya mpingo pa mbali ziwirizi siifanana konse. Mwezi uno tifuna kuti makolo ndi achinyamata tilingalire pamodzi za kusiyanaku, pakuti muli phunziro lalikulu pa nkhani yothandiza ntchito ya mishoni ndi kuphunzitsa atsogoleri a mpingo m'maiko ena.

Uthenga unatipeza chifukwa ena anapereka

Tiyambe ndi kukumbukira m'mene ife eni tinalandirira Uthenga Wabwino. M'chaka cha 1876 Dr James Stewart, mkulu wa sukulu ya Lovedale ku South Africa, anafunsa ophunzira ake ngati alipo ofuna kukathandiza mishoni ya Livingstonia, imene inali itangoyamba kumene pa Cape Maclear. Anasankhidwa anyamata anayi: William Koyi, Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope ndi Mapassa Ntintili. Onsewa anali anthu akuda anzathu, ophunzitsidwa kwao ndi ndalama za Akhristu amene sanaonepo nyanja yathu.

Mngunana anamwalira asanathe nthawi yaitali kuno. Koyi anakhala, ndipo popeza chinenero chake cha Chixhosa chinali pafupi ndi Chingoni, ndiye amene anatha kukhala pansi ndi Angoni a Inkosi M'mbelwa ndi kumvana nao, pamene Azungu sakanatha. Anagwira ntchito pa Njuyu kufikira imfa yake mu 1886. Sukulu imodzi ya kutali inakonza munthu mmodzi, ndipo munthu mmodziyo anatsegula khomo la mtundu wonse.

M'chigawo chapakati zinayendanso chimodzimodzi. Abusa ena a mpingo wa Dutch Reformed ku Cape anapangana kuti azichotsa gawo la malipiro ao kuti atumize mmishoni kuno. Ndi ndalama zimenezo Mbusa A.C. Murray anabwera mu 1888, ndipo mu November 1889 iye ndi Mbusa T.C.B. Vlok anamanga hema pa Mvera, m'dziko la Mfumu Chiwere. Pa Nkhoma anayamba mu 1896. Tikamalowa m'matchalitchi athu lero, tidziwe kuti maziko ake anakumbidwa ndi zopereka za anthu amene sitidzawadziwa maina pansi pano.

Zimene zinachitika ku Mphatso

Tsopano tibwerere ku malire kuja. M'chaka cha 1909 Mbusa A.G. Murray anaoloka kulowa m'dziko lolamulidwa ndi Apwitikizi, m'dera la Angonia, natsegula mishoni pa malo amene anawatcha Mphatso. Anthu analandira Mau. Sukulu zinatsegulidwa m'midzi, a kalasi anaphunzitsidwa, ndipo ena anabatizidwa. Ntchito inakula kufikira malo ena a m'chigawo cha Tete.

Koma boma la Apwitikizi silinakondwere ndi amishoni achilendo a Chiprotesitanti m'dera limenelo, ndipo mu 1922 mishoni inatsekedwa. Amishoni onse anatuluka. Apa mpamene mwambi wa makolo athu unapherezeka wakuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amishoniwo anali anthu odzipereka, koma anali alendo, ndipo mlendo akauzidwa ndi eni ulamuliro kuti anyamuke, amanyamuka.

Chimene chinapweteka koposa ndi ichi: pochoka iwo, panalibe ngakhale mbusa mmodzi wodzozedwa wa m'dzikomo. Tisawaweruze msanga, pakuti nthawi imeneyo ngakhale ku Nkhoma komwe kunalibe mbusa wachikuda. Oyamba, Abusa Andreya Namkumba ndi Namon Katengeza, anadzozedwa mu 1925. Koma zotsatira zake zinali zowawa. Kwa zaka makumi angapo Akhristu a tsidya linalo anakhala ngati nkhosa zopanda mbusa. Wofuna ubatizo wa mwana wake, wofuna kudya Mgonero wa Ambuye, wofuna ukwati woyera, ankayenda pansi kuoloka malire kudza ku mipingo yathu ya m'mphepete, monga ku Mlanda. Taganizani gogo wokalamba amene miyendo inamkana: anaona zaka zikupita osayandikira gome la Ambuye.

Tithokoze Mulungu kuti nyali siinazime. Akhristu wamba anasunga chikhulupiriro m'nyumba zao, ndipo m'chaka chomwecho cha 1922 Buku Lopatulika lathunthu linasindikizidwa m'chinenero chimene iwonso amalankhula. Khomo linatsekeka kwa mlendo, koma Mau anali atapeza kale njira yolowera m'mitima.

Dziko la Mozambique linalandira ufulu mu 1975, koma posachedwa linalowa m'nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992. Ambiri a ife tikumbukira m'mene othawa nkhondo, okwana ngati miliyoni imodzi, anadzazira maboma athu a m'malire. Tinapemphera nao limodzi, tinaika maliro limodzi. Mtendere utabwera, iwo anabwerera kwao, ndipo mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique unachita chimene chinasoweka mu 1922: pa Vila Ulongwe, m'dera lomwelo la Angonia, panatsegulidwa sukulu ya ubusa yotchedwa Hefsiba, kuti ana a dzikolo aphunzire kuweta anthu a kwao. Dzina lakuti Mphatso silinafe, pakuti ndilo dzina la sinodi ya kumeneko.

Tiyerekeze ndi ku Zambia

Kuzambwe kwathu nkhani inayenda mwa njira ina. Mishoni ya Magwero, pafupi ndi Chipata, inatsegulidwa mu 1899 m'dziko la Mpezeni, alaliki a kuno kwathu atayamba apita kukalambula njira. Kumeneko anapeza mpata wophunzitsa anthu a m'dzikomo, ndipo mu 1929 Mbusa Justo Mwale anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wachikuda wa mpingowo. Sukulu ya ubusa ya ku Lusaka yotchedwa ndi dzina lake yaphunzitsa abusa a maiko angapo, kuphatikizapo a kuno ku Malawi.

Ku Zimbabwe nako, anthu athu opita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu anapempha mbusa, ndipo Mbusa Vlok uja wa ku Mvera anapita ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, mu 1912. Mpingo umenewo unakula kufikira unakhala sinodi ya C.C.A.P. mu 1965.

Phunziro lake nlosabisika. Kutumiza mlaliki ku dziko lina ndi kudzala mbeu. Kuphunzitsa mtsogoleri wa dzikolo ndi kusiya mlimi pamundapo. Mtumwi Paulo anadziwa zimenezi: ankaika akulu m'mipingo, ndipo analangiza Timoteo kuti zimene anaphunzira azisiyire anthu okhulupirika otha kuphunzitsanso ena (2 Timoteo 2:2).

Nanga ife osaukafe?

Tidziwa kuti wina powerenga izi anena mumtima kuti, "Zonsezi nzoona, koma ife tomwe tili ndi mavuto athu. Mbusa wathu mmodzi asamala anthu zikwi zambiri, denga la tchalitchi likudontha, feteleza wakwera mtengo. Tithandize bwanji a kunja?" Funso ili nloyenera, ndipo sitilipeputsa.

Koma tikumbukire kuti mpingo wa ku Antiokeya unapatula Barnaba ndi Saulo, ndipo sunapereke otsalira, unapereka aphunzitsi ake odalirika (Machitidwe 13). Akhristu a ku Makedoniya anapereka ali mu umphawi waukulu (2 Akorinto 8). Lovedale ikanadikira kuti iyambe yatha mavuto onse a kwao, Koyi sakanafika pa Njuyu. Makolo anati kupatsa nkuika. Amene tikuwathandiza lero ndiwo adzathandiza adzukulu athu mawa, pakuti palibe dziko limene linalonjezedwa kuti khomo la Uthenga lidzakhala lotsegula nthawi zonse.

Tidziwenso kuti kuphunzitsa mbusa mmodzi kumadya zinthu zooneka ndi maso: chakudya cha zaka zingapo, mabuku, ulendo, mankhwala akadwala, ndi kusamala mkazi ndi ana ake pamene iye ali m'kalasi. Zimenezi sizioneka pa mseu monga ioneka nsanja ya tchalitchi, ndipo dzina la wopereka sililembedwa pa mwala. Nchifukwa chake nkosavuta kuti mpingo uzinyalanyaze. Koma nyumba zimene amishoni anamanga sizinathe kubatiza mwana ngakhale mmodzi eni ake atachoka.

Mau kwa makolo

Makolo anzathu, ntchito iyi iyambira pa mphasa ya mapemphero a madzulo. Tiwauze ana athu mbiri ya Koyi ndi ya Mphatso monga tiwauzira mbiri ya mtundu wathu. Titchule maina a maiko oyandikana nafe m'pemphero. Pa nthawi ya masika, pogawa zokolola, tipatule lichero limodzi kapena nkhuku imodzi ya ntchito ya mishoni, ana akuona, ndipo tiipereke kudzera mwa atumiki ndi bwalo la mpingo kuti ifike kumene Sinodi yakonza. Amayi a Chigwirizano adziwa kale kuti tindalama tating'ono tosonkhedwa mokhulupirika timasenza katundu wolemera.

Chopereka chovuta koposa ndi mwana. Tsiku lina mnyamata kapena mtsikana wathu, amene tinamlipirira sukulu movutika ndi kuyembekeza kuti adzatisunga, adzatiuza kuti akumva kuitana kopita kutali. Pa tsikulo tidzayesedwa. Anyamata anayi a ku Lovedale aja analinso ndi abale owalira, ndipo awiri a iwo manda ao ali kuno. Tisafulumire kutseka khomo limene Ambuye akutsegula.

Mau kwa achinyamata

Inu achinyamata, musanyoze maphunziro, ndipo musanyoze zinenero. Koyi anamthandiza ndi lilime lake. Wofuna kutumikira ku Mozambique adzafunika Chipwitikizi. Wofuna kupita ku Tanzania adzafunika Chiswahili. Yambani tsopano, m'mera mpoyamba.

Ndipo ngati mpingo udzakutumizani kunja kukaphunzira, kumbukirani kuti ndalamazo ndi thukuta la amayi ogulitsa tomato ndi la madoda olima ndi khasu. Mubwerere kwa anthu amene anakutumani, ndipo mubwerere ofatsa. Ngati mudzatumidwa kukatumikira ku dziko la eni, mudzadziwe kuyambira tsiku loyamba kuti inunso ndinu mame. Ntchito yanu idzayesedwa ndi ichi: pa tsiku lochoka inu, kodi padzatsala munthu wa pomwepo wotha kutsegula Buku, kuphunzitsa a kalasi, ndi kunyema mkate?

Ambuye mwini zokolola atipatse mitima yotha kupereka, kutumiza, ndi kupita.