Kukonzekera Sewero la Molière

Pamene aphunzitsi athu a Cingerezi anandisankha kuti nditsogolere sewero la caka cino, ndinayesa kuti nchito yanga idzakhala yongokhala pa mpando ndi kukumbutsa anzanga mau akaiwala. Ndinadzinamiza.

Sewero lathu ndi Le Médecin malgré lui, ndiko kunena sing'anga wocita kumkakamiza, ndipo ife tikulisewera m'Cingerezi. Analilemba Molière wa ku France, ndipo linaonetsedwa koyamba ku Paris m'caka ca 1666. Nkhani yace ndi iyi: Sganarelle, wotema nkhuni wokonda mowa, amenya mkazi wace Martine. Pofuna kubwezera, maiyo auza anchito awiri a mkulu wina, Géronte, kuti mwamuna wace ndi sing'anga wamkulu, koma sabvomera pokhapokha atamkwapula. Amkwapuladi, nabvomera. Wodwala ndi Lucinde, mwana wa Géronte, amene wadzisandutsa wosalankhula kuti asakwatiwe ndi mwamuna amene iye samfuna.

Bvuto linali pa mnyamata wosewera Sganarelle. Mau anawaloweza msanga, koma akafika pamene sing'anga wabodzayo aika mtima kumanja ndi ciwindi kumanzere, iye mwini ankayamba kufa nako kuseka. Ife oonerera tinkangoti duu. Tinabwereza masiku atatu osaphula kanthu, kutatsala milungu iwiri kuti makolo abwere kudzaonera.

Tsiku lacinai ndinati kwa iye, "Iwe, Sganarelle sadziwa kuti ali m'sewero loseketsa. Akuopa ndodo. Ulankhule monga munthu wodziwa kuti akagwidwa bodza alawanso cikoti." Wosewera Géronte ndinamuuza kuti asafulumire kutsutsa sing'angayo, ayambe wapapasa pa cifuwa kufunafuna mtima wace, awerenge mpaka 3 camumtima, ndipo pamenepo afunse.

Anzanga, mukadaona! Mnyamata uja anaumitsa nkhope ngati dokotala weniweni, Géronte napapasa cifuwa mwankhawa, ndipo wokumbutsa mau anagwetsa buku ndi phwete. Ngakhale aphunzitsi, amene anangobwera kudzatseka mazenera, anakhala pansi.

Mau sitinasinthe ngakhale amodzi. Tinangoonjezapo mantha ndi kukhala cete kwa kamphindi. Ndiyesa wotsogolera akondwera kuposa anthu a tsiku lenilenilo, pakuti iwo adzalandira nsima yomata kale, koma iye anaiona ikali phala. Ndodo zokha ndizo zikundisowetsabe mtendere: za bango zikuthyoka, ndipo za nsungwi Sganarelle wazikana kwa mtu wa galu.